M'mbali mwa Sikirini

Lachinayi, 14 Malichi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu, alamu anga ndi ana onse. Kuno tadzuka, kungoti dzuwa likuotcha ngati tinalilakwira. Laputopu munatumiza ija inafika bwinobwino, yopanda ndi kachilema komwe, ndipo sindikudziwa kuti ndithokoze bwanji. Alamu anu ndi amene anatsegula katoni ndi mpeni wa kukhitchini, ine ndili pambali kukuwa kuti asaikande.

Mudabwa kuti kalata ya pamanja ndi yachiyani masiku ano a foni. Pafoni mumandidula pakamwa, achimwene, khalidwe lanu la kuyambira tili ana, ndipo nkhani iyi ndikufuna muiwerenge mpaka kumapeto musanayambe kulamula. Mundikhululukirenso kuti ndalemba pakati pokha pa pepala, m'mbalimu n'kusiya mopanda kanthu. Sikuti mapepala andichulukira ayi.

Ntchito ija ndinaipeza. Ndi kakampani kakang'ono, chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya matayala, moti tsiku lonse timapuma fungo la labala. Timayang'anira zipinda zozizira za anthu osunga nyama, mkaka ndi mankhwala. M'chipinda chilichonse muli kachipangizo koyeza kuzizira, ndipo mukangoyamba kufunda, pulogalamu yathu imatumiza uthenga pafoni ya mwiniwake kuti athamange. Ntchito yanga ndi kulemba ndi kukonza khodi ya pulogalamu imeneyo, ndiye kuti malamulo amene kompyuta imatsatira. Wotiyang'anira ndi mayi wachitsikana, woti ndikanatha kumubereka kumbuyo ali khanda, koma mutu wake ndi wakuthwa zedi. Timawatcha a Mwamaliza, chifukwa moni wawo ndi funso lomwelo, m'mawa ndi masana. Amene ndimakhala nawo tebulo limodzi ndi bambo wina wanthabwala, a Ndevu.

Mukudziwa kuti zamakompyutazi ndinazisiya nthawi ija bambo anasiya kuona, pamene ndinabwerera kukawasamala. Atatisiya ndinangokhazikika m'sitolo ya alamu anu, kuyeza misomali ndi kudula mapaipi, mpaka zaka zinapita zoposa khumi. Ndiye tsiku loyamba a Mwamaliza anandifunsa kuti, "Mayi, mumagwiritsa ntchito edita iti?" Ine n'kutchula imene ndinkaidziwa kale ija. A Ndevu anaseka mpaka kutsamwa ndi tiyi. Akuti, "Imeneyo tinaika m'manda kalekale, mayi, ndi nkhata zomwe zinauma."

Ndikudziwa mwayamba kale kukanda mutu. Edita ndi pulogalamu imene timalemberamo khodi. Ili ngati benchi ya kalipentala: matabwa ndi omwewo, koma mmisiri aliyense amafuna benchi yofika m'chiuno mwake, nyundo kudzanja lake, sowo pamene angaipeze osayang'ana. Anthu a ntchito yathu amakangana za edita kuposa za mpira. A Mwamaliza anandipatsa sabata yoti ndisankhe yanga ndi kuikonza mmene ndikufunira, akuti munthu sagwira ntchito pa benchi ya mnzake.

Ndinayamba ndi yaikulu, yolemera, imene imakuchitira chilichonse kupatula kukuphikira. Ukangolemba zilembo ziwiri, yakumalizira kale mawu onse, ngati mnzako wa pakamwa uja wosadikira kuti umalize kulankhula. Ukaitsegula, sikirini imagawika timazenera: mafayilo kumanzere, malangizo kumanja, zolakwika pansi, khodi pakati. Laputopu yanu inaisenza osadandaula. Koma ine ndinkangosochera. Ndifunse, "A Ndevu, mafayilo anga apita kuti?" Iwo, "Si awo kumanzereko?" Ndikatembenuza mutu, alipodi, ali phee pamalo pake. Ndibwerere pa khodi, asowanso. Ndinati edita imeneyi ndi yachipongwe, imabisa zinthu, ndipo ndinaichotsa.

Yachiwiri ndi imene a Ndevu amaipembedza, yakuda bii, yopanda chithunzi ngakhale chimodzi, yongoyendera kiyibodi. Imeneyo inandikoma poyamba, chifukwa zala zanga zinakumbukira zinthu zimene mutu unaiwala. Vuto linali kandodo kophethira kaja kosonyeza pamene ukulemba. Kakadumphira kumapeto kwa mzere, basi kasowa. Ndinkakasaka ngati singano yogwera pansi, mphuno ili pafupi ndi sikirini. A Ndevu anati, "Mayi, kodi mukuinunkhiza?" Ndinati nayonso ndi yachikale, ndinaisiya.

Yachitatu ndi yopepuka, imene achinyamata ambiri akuikonda, ndipo ubwino wake ndi woti chilichonse umatha kusintha. Apa ndiye ndinasangalala, achimwene, ngati munthu wolowa nyumba yatsopano. Timazenera ta m'mbali tonse ndinatseka. Khodi ndinaikokera pakati penipeni pa sikirini. Mizere ndinailamula kuti ikatalika izipindika yokha, isamapite kutali. Zilembo ndinakulitsa, m'mawa mwake ndinakulitsanso. Kandodo kaja ndinakanenepetsa n'kukapaka chikasu. Tsamba loyera linkandithobwa m'maso ndi kundionetsa timikombero ta utawaleza kuzungulira nyali za mu ofesi, ndiye ndinasankha lakuda. Nditamaliza ndinaitana anzanga kuti adzaone ukatswiri wanga. A Ndevu anayang'ana kampata kakang'ono ka zilembo pakati pa mdima wonsewo n'kunena kuti, "Sikirini yonseyi, inu mwasankha kusuzumira pabowo la kiyi?" Tinaseka tonse. Ine ndinaseka kuposa onse.

Loweruka lina masana ndinali pa tebulo la pabalaza kuyeserera, chitseko cha kukhitchini chili kumanzere kwanga. Mwadzidzidzi ndinamva mawu pakhutu penipeni: "Mayi a nyumba, tiyi wapola." Ndinadzidzimuka mpaka kugunda kapu, tiyi n'kutayikira pa malaya a alamu anu. Akuti anaima pamenepo nthawi yaitali, kapu ili m'manja, akundikodola, mpaka kundivinira, ine osaphethira n'komwe. Anati, "Alamu anga anditumizira mwamuna mnzanga m'katoni." Ndinawauza kuti khodi imafuna mtima wonse. Sabata yomweyo njinga yamoto inandikhula chikwama ndikuoloka msewu wa kuntchito. Woyendetsayo anatukwana, akuti ndinalowa mumsewu ngati mbuzi. Ine sindinaone njinga iliyonse, achimwene. Ndinangomva mphepo.

Ntchito yanga yoyamba yeniyeni inali kukonza gawo lotumiza mauthenga lija, limene linali lopiringizika ngati ulusi woseweretsa mphaka. Ndinaliwongola, linaoneka bwino, ndinanyadira. Tsono usanatumize khodi, edita imakuonetsa zimene wasintha: yakale kumanzere, yatsopano kumanja, ndipo chilichonse chimene wafufuta chimaoneka chofiira. Ndinayang'ana, ndinaona zanga zatsopano zili bwino, ndinatumiza. A Mwamaliza tsiku limenelo anali pa mpanipani, ndipo anati munthu wamkulu ngati ine safunika kumulondalonda. Anaivomereza osaiwerenga bwino. Linali Lachisanu.

Lolemba m'mawa, tisanakhazikike n'komwe, tinamva mapazi olemera pa masitepe. Fungo linafika munthu asanafike. Anali bambo wa butchala yaikulu ya kumsika, kasitomala wathu wakale, atanyamula jumbo yakuda. Sanapereke moni. Anaiika pa tebulo la a Mwamaliza, pamwamba pa mapepala, n'kuimasula. Achimwene, nyama yobiriwira. Injini ya chipinda chawo inazima Loweruka. Uthenga woyamba unapita pafoni yawo, koma iwo anali kumaliro, foni atazimitsa. Woyamba akapanda kuyankha, pulogalamu imayenera kutumiza kwa wachiwiri, amene ndi mkazi wawo, ndipo mayiwo anali panyumba, pafupi ndi butchala pomwepo. Uthenga umenewo sunapite. Chipinda chonse chinaola.

Bamboyo sanakuwe. Bola akanakuwa. Anangotiyang'ana mmodzimmodzi n'kufunsa motsitsa kuti, "Ndani?" A Mwamaliza anayankha kuti, "Ndi kampani, bambo. Tiyeni tikakambirane panja."

Atabwerako anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anatsegula zosintha zanga za Lachisanu pa laputopu yanga yomwe.

"Mayi, taonani apa."

"Pati?"

"Apa pofiirapa."

"Sindikuona pofiira."

Anandiyang'ana m'maso. Kenako anakankha laputopu pang'onopang'ono kupita kumanja, ndipo chinthu chofiira chinatulukira ngati chikuchokera kuseri kwa khoma, chachikulu ngati chikhatho changa. Mizere yonse yotumiza uthenga wachiwiri ndinaifufuta ndekha mosadziwa, edita inandichenjeza mmene ikanathera, ine osaona.

"Yang'anani mphuno yanga," anatero a Mwamaliza. "Musayendetse maso. Dzanja langa likutani?"

"Dzanja liti?"

Ndinamva a Ndevu akuika kapu pansi pang'onopang'ono. Nditacheuka ndinapeza dzanja lili m'mwamba, pambali pa nkhope yanga pomwepa, zala zikugwedera. A Mwamaliza sanakalipe. Anati, "Mwezi wamawa khodi yomweyi tikuiika kunkhokwe ya mankhwala a ana. Kumeneko chipinda chikafunda sichinunkha, mayi. Amangobaya ana mankhwala akufa, osadziwa. Pitani kuchipatala cha maso lero, osati mawa."

Ndikutsika masitepe, nditagwira khoma, ndinakumbukira bambo. Mukukumbukira mmene ankakalipira amayi kuti amasuntha mipando dala? Mmene ankatembenuzira mutu wonse ngati nkhuku akafuna kuona amene walowa, ife n'kumawayeserera kuseri kwa nyumba? Ankati mababu a masiku ano ndi ofooka. Ankati amisiri anapanga zitseko zopapatiza. Chilichonse chinali ndi mlandu kupatula maso awo. Iwo ankanamizira mababu, ine ndimanamizira edita. Chonsecho ndine amene ndinawagwira dzanja zaka zonse zija.

Kuchipatala anandikhazika pa makina ooneka ngati beseni loimika. Umaika chibwano pa kachitsulo, diso limodzi atakumata, n'kumayang'ana kadontho ka pakati. Amakupatsa kabatani m'manja kuti ukaona kuwala kulikonse m'mbali, udine. Ndinakhala tcheru, chala chili pa batani, kudikira. Ndinadikira ndithu. Kenako ndinafunsa nesi kuti, "Kodi tiyamba nthawi yanji?" Anayankha kuti, "Tayamba kale, mayi."

Dokotala anali bambo wofatsa, wolankhula akuyang'ana pepala. Anati matendawa dzina lake ndi gulakoma. Madzi a m'diso amachuluka mphamvu n'kumafinya mtsempha woonera, ndipo mtsemphawo umafa pang'onopang'ono kuyambira m'mbali kulowa m'kati, osapweteka, osayabwa. Chimene chapita sichibwerera. Diso lakumanzere latsala pang'ono, lakumanja likadali ndi pogwira. Anandipatsa mankhwala odontheza, m'mawa ndi madzulo moyo wanga wonse, ndipo akapanda kugwira adzaganiza za opaleshoni. Ndinafunsa kuti ndatsala ndi nthawi yaitali bwanji ndikuona. Anati zimenezo sangalonjeze, chifukwa ena amafika paukalamba akuona, ena ayi. Kenako anakweza mutu koyamba n'kundifunsa kuti, "Kwanu alipo anasiya kuona? Muli ndi abale a bere limodzi?"

Ntchito sanandichotse, mpaka pano. A Mwamaliza analamula kuti chilichonse ndalemba chizidutsa kaye m'maso mwa a Ndevu, ndipo za nkhokwe ya mankhwala ndisakhudzeko. Mwini kampani akubwera kumapeto kwa mwezi, ndipo a Mwamaliza anandiuza poyera kuti sadzamubisira kanthu. Sindikuwada. Nanenso ndikanatero. Chimene chikundiopsa ndi choti masiku ano a Mwamaliza akamadutsa pa tebulo langa safunsanso ngati ndamaliza, ndipo a Ndevu anasiya kundiseka.

Ndiye ndasankhanso edita. Ulendo uno sindinayang'ane kukongola, mitundu kapena kupepuka. Funso linali limodzi: ndi iti imene imamvana bwino ndi mawu a pakompyuta owerengera anthu osaona? Tinaziyesa zonse ndi a Ndevu nthawi ya nkhomaliro, anzathu atatsika kukadya. Yaikulu ija imabwebweta ngati woledzera, kuwerenga ndi timazenera tomwe. Yopepuka ija, imene ndinataya nayo sabata yathunthu, mwina imangokhala duu pamene ndikuifuna kwambiri. Imene inapambana ndi yakuda ya a Ndevu, yomwe ndinainyoza kuti ndi yachikale, poti mulibe china koma zilembo. Anaikonza kuti mzere ukakhala ndi cholakwika izilira kabelu, ndipo ndikafufuta kanthu izinena mokweza kuti ndafufuta chiyani. Mawu ake ndi a mzimayi wothamanga, wosapuma, amene amatchula chilichonse, ndi kadontho komwe, ndi mpata womwe. Tsiku loyamba mutu unandiwawa mpaka kufuna kusanza. Tsopano ndayamba kumuzolowera. Dzulo ndinalemba kagawo kathunthu nditatsinzina, iye akundiwerengera, ndipo khodi inayenda ulendo woyamba. A Ndevu anaomba m'manja n'kunena kuti, "Mwaona?" Kenako anazindikira chimene anena, n'kutuluka kuti akukasuta, chonsecho fodya anasiya kalekale.

Alamu anu sindinawauze. Iwo akuganiza kuti mankhwala a m'masowa ndi a kuuma kobwera ndi sikirini, ndipo ndikavala zam'makutu amati ndikumvera nyimbo. Munthu amene amauza kasitomala aliyense, ngakhale wogula msomali umodzi, kuti mkazi wake ndi wa makompyuta, ndimuyambira pati? Komanso iwo anaona zonse za bambo, kusambitsa, kutsogolera kuchimbudzi, ukali wa munthu wokhala mumdima. Ndimati ndiwauza Lamlungu likubwerali. Koma dzana ndikuchokera kuntchito ndinapeza m'mphepete mwa masitepe a pakhonde mwapakidwa penti yoyera, mzere wonenepa pa sitepe iliyonse. Kampando kamene kamakhala m'kanjira kopita kuchipinda kachotsedwa. Nditafunsa, anati penti inatsala m'chitini, ikanangouma. Ndaonanso kuti masiku ano akafuna kundilankhula amazungulira tebulo kudzaima kutsogolo kwanga. Sindikudziwa kuti akudziwa zotani. Timadya, timaseka, aliyense atasunga zake.

Tsopano ndifike pa chimene ndalembera kalatayi. Mwezi wathawu pafoni munandiseketsa ndi nkhani ya geti la kudepoti, lija munati alonda amalitsegula mosakwanira mpaka mwakhulitsa basi yanu mbali ya kumanzere, osati kamodzi. Munatinso galasi la m'mbali la basi yatsopanoyo analiika molakwika. Ndinaseka nanu tsiku lija. Sindikusekanso, achimwene. Inu ndinu wamkulu kwa ine, ndipo m'mawa uliwonse mumanyamula anthu odzaza basi, ana a sukulu akuyenda m'mbali mwa msewu. Dokotala akuti matendawa amayenda m'magazi, ndipo amene ayenera kuyezedwa msanga ndi abale a bere limodzi. Musandiuze kuti mumawerenga nambala ya galimoto ili patali. Nanenso ndimalowetsa ulusi pa singano, ndipo zilembo za pakhoma la chipatala zija ndinawerenga mpaka mzere wapansi. Mupite kuchipatala cha maso, mukapemphe makina a beseni aja, ndiponso akayeze mphamvu ya madzi a m'diso. Ndikudziwa chimene mukuopa, kuti akakupezani nawo akulandani laisensi, pakhomo pali ana. Nanenso ndikuopa kumapeto kwa mwezi. Koma ine cholakwa changa chinabwera m'jumbo n'kuikidwa pa tebulo. Chanu sindikufuna n'kuganiza komwe kuti chidzabwera bwanji.

Pa envelopu ndalemba dzina lanu ndi la alamu anga, dala, kuti musaipinde n'kuiiwala m'thumba la jekete. Alamu, ngati ndinu mukuwerenga, pepani pokusenzetsani katundu ameneyu. Muwaperekeze nokha, ndipo akayamba nthabwala zawo zija musaseke.

Moni kwa ana onse. Wamkulu uja ndikumva kuti watalika kukuposani, ndipo wotsiriza, amene anabadwa mutasamuka kale, sindinamuonepo maso ndi maso. Munkati mudzabwera nawo chaka chamawa zinthu zikadzayenda. Ngati n'kotheka, achimwene, musadikire chaka chamawa. Bwerani nawo tchuthi chikubwerachi, woyendetsa akhale wina, ndipo mudzayesetse kufika kukadali kowala.

Ndine mlongo wanu wokukondani,

Mzime wa amayi